Mawa Tigula Miyendo

Ntchito yanga pa Dwangwa n'kuyeza mathiraki a nzimbe:
ilowe yodzaza, ituluke yopepuka,
kusiyana kwake ndilembe.
Koma usiku uno sikelo yatsekedwa,
ndipo kumasamba akumbuyo a kope lakale la malisiti
ndikuyeza anthu.

Mawa Loweruka, teni koloko, kuseri kwa shopu ya Ajibu,
tikhala asanu ndi atatu pa makireti,
aliyense ndi mamiliyoni zana limodzi,
ndalama zosagwirika, zosanunkha thukuta la munthu,
zoti sungagulire ngakhale chitumbuwa.
Tilimbirana osewera mpira a m'boma lino
eni akewo osadziwa,
ali mtulo ku Benga, ku Mwansambo, ku Liwaladzi,
ena alawirira kukapalira mpunga.
Akagoletsa, mapointi ndi athu.
Akathyoka mwendo, maliro ndi athunso.

Bambo anga ankapita ku okushoni ndi mabelo a fodya
n'kubwerako ndi masaka ndi mkwiyo.
Ankati mtengo suli m'tsamba,
uli m'maso mwa ogula.
Ndiye ndalemba maso.
Chiukepo sapirira,
akamva dzina lotchuka dzanja limadzikweza lokha.
Ajibu amatsokomola kaye akafuna kunama.
Nyalongwe, namwino uja, amangoti phee
ngati ng'ona ya mu Bua,
umazindikira kuti analipo mwendo utapita.

Sabata yonse ndakhala ndikutamanda Likagwa,
wa nsapato zachikasu,
m'minibasi, pa bawo, ngakhale potuluka m'tchalitchi,
kuti mawa amuphangirane, matumba awaphwere,
chonsecho ndinaliona bondo lake Lachitatu pamsika
litakulungidwa m'nsanza ngati chinangwa cha mlendo.
Mulungu andikhululukire.
Pa okushoni palibe mlamu.

Amene ndikumufuna ndamulemba ndi pensulo,
pansi penipeni, pomwe pepala linadyedwa ndi mphemvu:
Wadabwa Msusa, wosewera pakati,
mnyamata wosalankhula, wometa mpala,
amene amalanda mpira mwaulemu
ngati akutenga khasu lake lomwe linabwerekedwa.
Mamiliyoni anayi.
Asanu zikavuta.
Asanu ndi awiri ngati Nyalongwe wamuonanso,
ndipo ndikuopa kuti wamuona,
poti ndiye anamusoka chikope mwezi watha.

Magetsi azima.
Foni yatsala pang'ono kukomoka.
Esinta wabweretsa kandulo, waima kumbuyo kwanga
n'kumawerenga mizere yanga mokweza:
goloboyi khumi, otchinga kumbuyo makumi awiri,
asanu ndi atatu osungira zadzidzidzi.
"Ndalama zabodza mumazisamala chonchi?" akutero.
"Mpaka zadzidzidzi zilipo?
Nanga yunifolomu ya Tiyanjane ili tsamba liti?"
Ndaseka. Iye waseka theka.

Kenako chala chake chatsika pamndandanda,
chadutsa Likagwa osaima,
chaima pa Kanjedza, amene ndamuikira makumi atatu,
mzati wa timu yanga yonse.
"Uyu musagule.
Mayi ake agulitsa mbuzi zitatu, pasipoti yatuluka.
Mwezi wamawa ali ku Joni."
Wazimva kuchigayo.
Ine masabata atatu ndi ziwerengero,
iye ndowa imodzi ya chimanga.

Ndafufuta mpaka pepala labooka.
Makumi atatu abwerera m'manja mwanga, akundiotcha,
ndipo nyumba yonse iyenera kumangidwanso
kuyambira pamaziko, tambala asanalire.
Kunja thiraki yochedwa ikudutsa,
ndikuimva m'mano kuti yadzaza mopitiriza.

Ndatenga kagalasi kometera ndevu,
ndakaimika potsamira botolo la mchere.
Ndikutchula dzina la Msusa pang'onopang'ono
n'kuyang'ana ngati nsidze zikundiulula.
Zikundiulula.
Ndiyesanso.
Esinta ali kuchipinda akuti kandulo ndi ya mawanso,
ndipo akufuna gawo lake
ngati Kanjedza agulidwa ndi Chiukepo.