Ulusi wa M'magazi

Lachiwiri ndavundikira makina pakhonde ku Kawale,
mayunifomu asanu ndi awiri akudikira mabatani.
Ndabereka Sungeni, ngakhale ndi wa Sitandade 2,
poti usiku miyendo yake inakananso,
maso achita chikasu.
Ku Central benchi yathu timaidziwa,
ija yothyoka mwendo, yochirikizidwa ndi njerwa.

Zaka zinayi apongozi ankaloza kwathu ku Mitundu,
amvekere kumeneko anthu sagona usiku.
Ndinamwa zowawa, ndinatemedwa mphini pamsana,
mbuzi ziwiri zinapita.
Kenako kadontho kamodzi pachala changa,
kadontho kamodzi pachala cha a Fanuwelo,
pepala n'kugamula mlandu:
theka langa, theka lawo.
Chovalachi tinasoka awiri, mumdima, tikuseka.
A Fanuwelo anali duu kuchokera pageti mpaka kudepoti,
n'kundigulira chimanga chootcha.
Kupepesa kwawo n'komweko.

Mayi Nkhwazi amandijambulira papepala.
Magazi a ena ndi obulungira ngati mabatani,
a Sungeni amapindika ngati zenga,
n'kukolana m'mitsempha
monga maminibasi pamlatho wa m'tauni faifi koloko.
Akuti m'thupi muli ulusi wautali wolembedwa,
ndipo pamalo amodzi, amodzi okha,
singano inalumpha.

Akutinso kutsidya kwa nyanja aphunzira
kusomola ulusiwo ndi kusokanso.
Ndinafunsa mtengo, si ine telala?
Analemba maziro mpaka m'mphepete mwa pepala.

Lero abwera ndi fomu.
Masamba anayi, Chingerezi uku, Chichewa uku,
Chichewa chake cholimba kuposa Chingerezicho.
Akupempha timabotolo tiwiri ta magazi a mwana wanga
tikakwere ndege ku Lumbadzi,
tikagone m'firiji kudziko limene sindidzapondako.
Dzina sitilemba, akutero, nambala chabe.
Mukhoza kukana, mankhwala muzilandirabe.
Ndikuwakhulupirira.
Koma umalikana bwanji dzanja
lomwelo limene limakuwerengera mapiritsi?

Ndafunsa: akakapezamo kanthu, n'kayani?
Ine kasitomala akasiya nsalu
zotsala ndimabweza, ngakhale kachigamba.
Magaziwa akakabala mankhwala,
adzabwerera pandege yomweyo
kapena tidzangomva pawailesi?
Mayi Nkhwazi sananame. Ati, sindikudziwa.
Ndawakondera pomwepo.

Pali china chimene a Fanuwelo sindinawauze.
Uno ndi mwezi wachitatu.
Mimba iliyonse, akuti, ili ngati thumba la mabatani anayi,
upisa dzanja osayang'ana,
limodzi mwa anayiwo ndi zenga.
Ndipo kwina kuli njira yosuzumira m'thumbamo
mwana asanaone dzuwa.
Ndikadziwa, kudziwako ndikakuika pati?
Akanandiuziratu za uyu,
amene akuwerenga matailosi apa
n'kumalumpha seveni dala kuti ndimukonze,
amene amandibera zigamba kusokera chidole diresi,
ndikanati chiyani?
Nanga akanandimvetseratu
mmene amakuwira usiku wa Juni mpaka mawu kusasa,
ine ndikufunditsa madzi pambaula yozima,
ndikanati chiyani?

Abusa adzati moyo ngwa Mwini wake.
Achemwali adzati usazunze mwana wina.
Onsewo adzagona tulo.

Cholembera chili m'manja, chikuterera thukuta.
Sungeni akundikoka chitenje:
amayi, afunse ine, magaziwo ndi anga.
Ndatembenuza masamba onse anayi,
mzere wake palibe.
Ndamupatsa cholemberacho.
Kuseri kwa fomu wajambula mabatani atatu
ndi zenga limodzi,
walivalika nsapato, akuti lizithamanga
lisamakole panjira.

Kumwamba kwada cha ku Bunda.
Ndakumbuka nsalu za eni ake ndasiya pachingwe.
Aitana nambala yathu kachiwiri.
Sindinasaine.
Pepalalo sindinabweze,
ndalipinda kanayi, monga ndimapindira muyezo wa kasitomala
amene wanena kuti abweranso Lachisanu.