Mitanda ya ku Kalongwezi

Inafika pa lole usiku, yokutidwa ndi pepala,
mitanda yosadziwa nkhalango,
tizidutswa tomatidwa ndi guluu ku fakitale.
A Mshanga anaigogoda ndi chala
nati, "Mukwa sulira chonchi."

Komabe tinakoka chingwe,
ine uku, iwo uko,
mphepo ya ku Kanjala ikundilanda pensulo kukhutu.
Masentimita makumi anayi, mtanda,
makumi anayi, wina,
msomali uliwonse m'kabowo kake ka chitsulo.
Kadontho ka mu levulo kanayendayenda
ngati mlendo wosowa pokhala,
kenaka kanakhazikika.

Mawa tidzakhoma matabwa pamwamba,
palibe amene adzaionenso.
Mwana wa eni nyumba adzathamangapo
osadziwa kuti kunsi kwa mapazi ake
ndinalembako dzina langa, tsiku,
ndi ndalama zimene bambo ake sanandilipirebe.