Msinkhu wa Wilfried

Zaka zitatu ndakhala ndikupalasa njinga yako
monyang'ama, zala zakumapazi zikusakasaka mapedulo,
chiuno chikupendekera uku ndi uku
ngati bakha wotsikira m'ngalande.
Anzako a Lachitatu aja amandipitirira pa msewu wa ku Mater
osanena kanthu. Amamudziwa mwini msinkhu.

Miyala yoyala m'misewu ya kuno ilibe chisoni.
Uliwonse umakwera ndi paipi ya chishalo,
kulowa m'fupa la m'chiuno, kukagogoda m'khosi,
mpaka dokotala anandifunsa ngati ndimasenza matumba a simenti.
Ndinati ayi, ine ndimangokhala.

Nele, mtsikana wokonza njinga kuseri kwa siteshoni ya Oudenaarde,
anamasula bawuti, nagwira chishalo ndi manja awiri, napotoza.
Zii.
"Aluminiyamu m'felemu yachitsulo," anatero,
"popanda girizi. Zinakwatirana kalekale izi."
Iwe Wilfried, amene unkatsuka tcheni ndi mswachi wanga wakale,
unkawerenga masipoko ngati ndalama,
girizi unaiwala malo amodzi okha.
Ndinaseka mpaka anandipatsa mpando.

Anaiimika chadodolido, nathira mafuta chakunsi,
tinadikira sabata yathunthu.
Anayesa moto. Anayesa madzi oundana.
Anapana paipi m'vayisi, iye ndi mlongo wake
n'kumakankha felemu yonse mozungulira
ngati otsegula chitseko cha madzi pa mtsinje wa Schelde.
Osasuntha ngakhale pang'ono.
Ndi mmene unkachitira tikasochera,
mapu ali m'manja mwanga, iwe uli gwa, ndi uku basi.

Loweruka anatulutsa sowo.
Anayamba wandiyang'ana.
Panali katepi kofiira paja, kamene unakulunga wekha
kuti msinkhu wako usasokonekere njinga ikakwera sitima.
Ndinati, dula m'munsi mwake.
Chotsalira m'felemu anachicheka cham'kati,
mzere ndi mzere, maola awiri osayankhula,
utuchi wonyezimira ukugwera pa nsapato zake,
mpaka chinapindika n'kutuluka
ndi kaphokoso ka munthu wokonza kukhosi
amene kenako waganiza zongokhala chete.

Yatsopanoyi ndi yakaboni, yakuda, yopyapyala.
Akuti imawerama pang'ono ikamenyedwa,
siibweza nkhonya iliyonse kwa wokwera.
Mtengo wake sindikuuza.
Anaipaka phala lokhala ngati lamchenga,
anandikweza, chidendene pa pedulo, mwendo uwongoke,
anatsitsa,
anandiyang'ana chakumbuyo ndikupalasa pamalo amodzi,
anatsitsanso.
Mamilimita makumi atatu ndi asanu ndi atatu.
Ndiwo okha anali pakati pa iwe ndi ine.
Ine ndinkayesa ndi ambiri.

Lero ndadutsa pa Haaghoek mvula itangokata.
Miyala ikadalipo, asakunamize munthu,
matope a thirakitala, fungo la minda ya mbatata zokumba kumene,
galu wa pa famu ija akadandida.
Koma mabampu akufika kwa ine atatsitsa mawu,
ngati mkangano wa m'nyumba yoyandikana nayo:
ukudziwa kuti akukangana,
tiyi wako ukumwa ndithu.
Mawondo akuzungulira osapempha chilolezo.
Pokwera chitunda ndinamupitirira Staf, wandevu uja,
anakuwa chinachake, mphepo n'kutenga.
Mwina linali dzina lako. Mwina anangotukwana.

Chidutswa chija ndinabwera nacho m'thumba la jekete.
Poika sindinapapeze.
Chili pa windo la kukhitchini,
chikupsinja mabilu a magetsi kuti asauluke,
katepi kofiira kayamba kumatuka pakona
ndipo sindinaganize ngati ndikamatenso.

Kumanzere msana wasiya kuwawa.
Kumanjaku Nele akuti ndi chishalo,
n'chachikulu mphuno, chinaumbika potengera mafupa a wina.
Ndamuuza kuti tiona mwezi wamawa.
Kapena winawo.