Mpira Woponyera Kumbuyo

Ndinkatchetcha kapinga pasukulu ya ku Rosettenville
tsiku lomwe Nyadani anatola mpira wonga papaya
nandifunsa: Ababa, uwu anaukhalira ndani?

Mphunzitsi wa ragibi anamuyeza mapewa ndi maso
monga ayezera ng'ombe pamsika.
Nkhani ya fizi inathera pomwepo.

Zaka zisanu ndi zinayi akugundana mitu ndi atonde anzake.
Makutu anafota ngati bowa wapadzuwa,
dzino lina linatsalira m'matope a ku Ellis Park.
Ine pamwamba penipeni, pamipando yotchipa,
ndinkakuwa m'Chichewa, wondimva panalibe.
Anyuzipepala a ku Joni ankalakwitsa dzina lathu;
tinkangoseka, lendi ikulipidwa.

Kenako bondo.
Linalira kamodzi, thyo! ngati phesi louma,
kontirakiti nayo inathyoka.
Foni inaleka kuitana.

Lero wabwerera pa kapinga yemwe uja,
akutsimphina, wezulo pakamwa,
tiana tamatope tikumuzungulira.
Ndimamumva akutiuza:
Ukafuna kupita kutsogolo,
ponyera mnzako ali kumbuyo.

Ndimazimitsa makina otchetchera
kuti ndimve bwino.