Mchere Unkatidya Maso

Ndinawayendetsa zaka makumi atatu ndi zinayi,
a Dokotala Casilda Yucra,
m'galimoto yomwe dzimbiri linayamba kuidya kuchokera kunsi.

Kwathu ku Colchani mchere sitigula.
Timauponda, timaukumba, timamangira nyumba.
Ndi dambo loyera mbee mpaka kumene maso alekezera,
ndipo dzuwa likagwerapo limadzambatuka
n'kudzakulasa kuchokera pansi.
Amuna a zaka makumi anayi ankayenda chopapasa,
kamnofu kofiira katakwawira pa mwana wa diso.
Ife tinkati ndi ukalamba wofulumira.
Iwo anati, "Ndi mchere. Valani magalasi akuda."
Tinaseka mpaka kutsokomola:
ife a fosholo, tifanane ndi alendo odzajambula zithunzi?

Lolemba mpaka Lachisanu anali a chipatala cha ku Uyuni.
Loweruka anali athu.
Tinkanyamuka nyenyezi zili ngwee, chisanu chikuluma zala,
iwo atafukata kasutikesi ngati khanda.
Osadziwa kuwerenga anawajambulira tchati chawochawo:
llama wamkulu pamwamba,
m'munsi mwake tiana tomka tichepa.
"Kameneka kayang'ana kuti, kumanja kapena kumanzere?"

Malipiro ake musafunse.
Kathumba ka quinoa, mbatata zoumitsidwa ndi chisanu.
Mayi wina ku Tahua anapereka dzira limodzi,
a Dokotala n'kumulembera lisiti, chidindo pha!

Ndisanamize malemu, kufatsa analibe.
Tsiku lina nditagwetsera tayala m'dzenje anandizazira:
"Nemesio, kumbuyoku kuli maso a anthu khumi ndi awiri!"
Ulendo wonse sitinayankhulane.
Pofika anandinyemera buledi wawo, osandiyang'ana.

Kukagwa maliro ankapita, ankalira nawo,
mwambo ukatha ankapempha magalasi a womwalirayo.
Ena ankanyansidwa nazo, ena ankabisa.
Iwo ankawatsuka, kuwayeza, kulembapo nambala,
n'kuwaika m'bokosi la nsapato.
Lero mphunzitsi wa ku Jirira amawerengera ana
kudzera m'magalasi a wowotcherera zitsulo amene sanakumane naye,
ndipo mlamu wanga amalowetsa ulusi pa singano
ndi maso a sisitere wina wa ku Potosí.

Kenako awo omwe anayamba kuzima,
kuyambira pakati, malo amene mpeni wawo sukanafikapo.
Sanauze munthu.
Ndinadziwira tiyi, akumuthira pambali pa kapu,
ine n'kusuntha kapuyo mwakachetechete.
Anamva. Sananene kanthu.

Mvula ya mu Febuluwale itagwa,
dambo lonse linasanduka kalilole.
Anati, "Kandisiyeko kamphindi."
Tinaima pakatikati, thambo kumwamba, thambo kumapazi,
madzi ozizira akulowa m'nsapato.
"Werenga, Nemesio. Mzere wapansi."
Ndinati ndikuona phiri la Tunupa kawiri,
lina chilili, lina chadodolido,
ndi mbalame zitatu za miyendo yaitali.
"Zitatu? Yang'ananso."
Zinali zinayi.
Kaya anamva mapiko, kaya anangondiyesa, sindidziwa.
"Ubwere Lolemba," anatero, "maso akowo ayamba bodza."

Lolemba ndinapitadi.
Anandiyeza ndi Delfina, mtsikana amene iwo anamuphunzitsa,
iwo ali pampando pakona, akumukonza ndi makutu okha.

Tinawaika mu Meyi, mphepo ikuulutsa fumbi loyera.
Amuna anavula zipewa
koma magalasi palibe anavula,
akuda, oyera, omangidwa ndi waya,
misozi ikudutsira kunsi kwa mafelemu.
Mchere wa tsiku limenelo unachokera mwa ife.

Magalasi awo ali m'bokosi muja.
Nambala ndinalemba ndine, ndi dzanja langa lokhotali,
ndipo mpaka pano sanapeze mphuno yowayenera.
Loweruka likubwerali tikupita ku Tahua.
Delfina wandiuza kale kuti ndisathamange,
ati kumbuyo kuli maso a anthu.