Utuchi wa Siliva

Bambo anga a Melquíades anandisiyira tebulo lolumidwa kutsogolo,
kuti mimba ya munthu izilowamo.
Pansi pake chikopa cha mbuzi chikulendewerabe,
chakuda bii ndi thukuta la zaka makumi anayi,
pakamwa yasa, kudikira zogwa.

Muno mu Taxco misewu siidziwa kugona.
Imakwera, imapuma wefuwefu, imakweranso.
Belu la Santa Prisca likamalira kasanu n'kawiri
ine ndatsegula kale zenera,
ndayala zida monga ankaziyalira eni ake:
kasowo kumanja, matupa atatu pakati,
nyundo pamene dzanja limagwera lokha osayang'ana.

Kasowo kameneka n'koonda ngati tsitsi.
Tsiku loyamba ndinathyola khumi ndi tiwiri,
thyo! thyo! mpaka misozi chuchuchu.
Iwo osadzutsa n'komwe mutu:
"Eufrosina, ukukakankha. Sikakankhidwa ako.
Kapake phula, ukaleke katsike kokha.
Iwe ntchito yako n'kutembenuza siliva basi."

Tupa limadya popita, pobwera silidya.
Chopanira chili ndi mano,
ukachikhulupirira kwambiri chimasiya dzina lake pa mphete.
Lawi ulimvere mtundu, usalimvere mkokomo:
siliva akafiira ngati mkati mwa chikope, chotsa,
ukaphethira kamodzi wasanduka dontho.
Zonsezi sanandiuze tsiku limodzi.
Ankagwetsa mawu monga tebulo ligwetsera utuchi,
pang'ono lero, pang'ono mwezi wa mawa.

Ndikukumbukira mayi Casilda, ogulitsa maluwa kumsika,
chala chitatupa, mphete yaukwati italowa m'mnofu.
Kuchipatala anati tidula ndi chodulira mawaya.
Bambo anatsetsereka kapepala kachitsulo pansi pake,
nacheka, nacheka, osapuma mpweya,
mayiwo akuyang'ana kudenga, akutchula oyera mtima.
Magazi ayi, ngakhale kadontho.
Mawa lake mphete inabwerera italumikizidwa,
msoko wake ndinaufufuza ndi mandala, sindinaupeze.

Kenako manja anayamba kunjenjemera.
Poyamba ankati n'khofi.
Tsiku lina nyundo inaphonya, n'kutswa mwala wa eni,
anaiyika pansi mwaulemu ngati mwana wogona,
nakakhala pakhomo kuonerera alendo
akugula ndolo za pamakina kutsidya kwa msewu,
zofanana zonse ngati mano a chipeso.
Ntchito imodzi yokha anaikaniza:
madzulo aliwonse, ndi kaburashi kothothoka,
kusesa chikopa chija,
kuthira fumbi lonyezimira m'chitini cha khofi.
"Chimene tupa ladya sichinatayike, mwanawe.
Changosintha pogona."

Tinawaika m'nyengo ya mvula.
Patatha sabata zitatu ndinatsegula chitini,
ndinadutsamo maginito kuchotsa mano a timasowo tothyoka,
mwina ena anali anga a tsiku lija.
Ndinathira m'kambiya kadothi, ndinayatsa.
Fumbi linachita manyazi, linakwinyika,
kenako linathamangirana, kukumbatirana,
n'kukhala diso limodzi lozungulira, likundiyang'ana.

Mlongo wanga Leobardo akuti ndisule chibangili tigulitse.
Azakhali akuti mtanda wa pamanda.
Ine ndangoliika pambali pa sikelo, likutsamira mapepala.
Muli mphete za anthu amene anasudzulana kale,
muli ndolo za atsikana amene lero ndi nkhalamba,
muli ka mayi Casilda.
Ndingasule chiyani choposa pamenepo?

Mpini wa nyundo uli ndi kadzenje
pamene chala chawo chachikulu chinkakhala.
Changa sichifikapo, n'chachifupi.
Zaka zisanu ndi chimodzi tsopano ndikugogoda,
go, go, go, mpaka oyandikana nawo anazolowera,
ndipo dzulo, nditapendeketsa mpini padzuwa,
ndinaona m'munsi pang'ono mwa kadzenje kawo
mtengo wayamba kusalala penapake.