Ngongole ya Tulo

Zaka makumi atatu ndi chimodzi
bambo anga a Eufronio ankagona mopemphetsa:
maola anayi apa, awiri apo,
belu la sitima n'kuwadula loto lili pakati.
Kuchoka ku Busan kulowera ku Rotterdam
ankabweza wotchi usiku ndi usiku
mpaka thupi linaleka kufunsa ngati kwacha.

Lero ali kwathu ku Iloilo.
Nyumba imene anamanga ndi tulo tosagonedwato
ili ndi zipinda zisanu
koma chawo sachipeza.

Ikakwana folo koloko m'bandakucha amadzuka,
nsapato kuphazi limodzi,
n'kuima pawindo kuwerenga nyali za njinga zamoto
ngati zombo zodutsa patali.
"Kapitawo, mphepo yatembenuka," amandiuza.
Ine Ligaya, mwana wawo,
amene anandipatsa dzina pa lamya ali padoko la Santos.

Dokotala anafunsa kuti ankagona bwanji panyanjapo.
Sananene kuti gwero lake ndi limenelo.
Anangolemba, n'kupukuta magalasi.

Chomwe ndaphunzira n'chakuti
bata ndi limene limawaopsa.
Kwa iwo injini ikangoti zii, zinthu zavuta.
Ndiye ndimayatsa makina ochapira
opanda ngakhale sokosi m'kati,
khoma n'kumanjenjemera pang'ono,
ndipo amagona, kukamwa kuli yasa,
kubweza pang'onopang'ono ngongole
imene sakukumbukanso kuti anatenga.

Ine ndimatsala m'maso pampando wa m'khonde.
Ulonda uja tsopano ndi wanga.